Dzina Limene Linkapita Kuntchito

Khonde lathu ndi limodzi, zitseko ndi ziwiri. Chakumanzere ndi changa, ine telala wamkazi, kumene ndimasoka. Chakumanja ndi cha a Lezala, kumene amameta. Pakati pathu pali chipupa cha matabwa chosabisa kanthu, moti iwo akayetsemula ine ndimati pepani. Takhala choncho zaka zambiri, tsitsi la makasitomala awo likuulukira pa nsalu zanga, ulusi wanga ukukola tsache lawo, ndipo takanganapo mokwanira kuti tidziwane bwino.

A Lezala ndi munthu wamtali, wowonda, wadazi. Inde, wometa wadazi. Ndinawaseka mpaka ndinatopa ndekha. Koma chimene amadziwika nacho si dazi, ndi mafunso. Munthu akangokhala pampando wawo n'kumangidwa nsalu m'khosi, ndiye kuti walowa m'khoti. Mumagwira kuti? Chipsera chakuseri kwa khutuchi chinabwera bwanji? Nanga mabatire a galimoto amathiramo madzi anji? Safunsa kuti akanene kwina, miseche alibe. Amangofuna kudziwa basi, monga mmene ena amafunira fodya. Tsiku lina anapanikiza wokumba zitsime kuti awauze mmene amadziwira pamene pali madzi, ndipo nkhani inakoma mpaka munthuyo anatuluka mbali imodzi ya mutu itafupika kuposa inzake.

Pa wailesi sankasamala za mpira kapena nyimbo. Chimene ankadikira chinali pulogalamu ina ya masana, youma gwa, imene mayi wina wa mawu osatopa ankawerenga mayina a anthu amene ali ndi ndalama zawo ku boma koma sanakatenge. Zinali ndalama zamitundumitundu: za anthu amene anasiya ntchito n'kungosowa, zotsala m'mabanki amene anatsekedwa, zachikole zimene anthu anapereka polumikiza madzi kenako n'kusamuka, zachipukuta misozi zimene sizinapeze misozi yake. Boma linkazisunga ku ofesi ina, ndipo mayiyo ankakumbutsa tsiku lililonse kuti zimene eni ake sadzafika chaka chisanathe zidzalowa m'thumba lalikulu la boma, momwe chikalowa chalowa.

Nthawi ikakwana ankagogoda chipupa.

"Atelala, taimitsani kaye chigayo chanucho!"

Ndinkaimitsa makina anga osokera, ndikung'ung'udza. Iwo ankamvetsera kukamwa kuli yasa. Chinkawazunguza mutu n'chakuti munthu angaiwale bwanji ndalama. "Ambulera ndimaiwala, makiyi ndimaiwala. Koma ndalama, atelala? Ameneyu chinamuchitikira n'chiyani?" Dzina lililonse ankalipangira nkhani yake: uyu anathawa ngongole, uyu anakwatira kutali, uyu anafa osauza ana. Ndipo poti mitu ya m'dera lathu yonse inadutsa m'manja mwawo, nthawi zina dzina ankalizindikira. Anatsekapo shopu masanasana kukauza mayi wogulitsa tomato kuti bambo ake omwalira atchulidwa. Mayiyo atalandira anabwera ndi nkhuku yothokoza. Iwo anakana nkhukuyo, koma anamusunga pabenchi mpaka atafotokoza zonse, kuyambira pakhomo la ofesi mpaka mtundu wa inki ya chidindo.

Tsiku limene ndikufuna kunenali ankameta ndevu mphunzitsi wina wopuma ntchito. Mayi wa pa wailesi anatchula dzina, n'kuwonjezera kuti munthuyo ankagwira ntchito yokonza misewu. Ndinadikira nkhani yopeka ya masiku onse, koma siinabwere. Nditasuzumira ndinawapeza ataima, lezala lili m'mwamba, mphunzitsi uja akuwayang'ana m'galasi ndi thovu kumaso.

"Ameneyo ndine," anatero.

Ndinaseka. Dzina lawo la pa chiphaso ndinali ndisanalimvepo, ndipo ngakhale lero silinandikhale m'makutu. Kwa ine ndi a Lezala basi.

"Inu ndi msewu? Fosholo munaigwirapo inu?"

"Ine ayi. Dzina langa ndi limene linkapita kuntchito."

Mphunzitsi atapita magetsi anazima, ndipo poti panalibe chochita, anatulutsa benchi pakhonde n'kundifotokozera. Kwawo anabadwa amuna awiri, ndipo amene anamaliza sukulu n'kutenga satifiketi anali iwo, akulu. Chaka chimene boma linkalemba anthu a ntchito ya misewu, ofuna ntchito ankayenera kuonetsa satifiketi. Mwatsoka mwezi womwewo iwo anali gone m'chipatala, mwendo utathyoka pa ngozi ya njinga. Bambo awo anati ntchito siidikira wodwala: apite mng'ono wako akakugwirire malo, ukachira mudzasinthana. Masiku amenewo zinali zosadabwitsa. Satifiketi imodzi inkatha kudyetsa banja, ndipo anthu ambiri ankapita kuntchito ndi dzina la mkulu wawo, la msuweni, ngakhale la mlamu.

Mwendo unachedwa kupola. Pamene ankataya ndodo n'kuti mng'ono uja atajambulidwa kale chithunzi, atadinda chala, ndiponso ali ndi mkazi woyembekezera. Kusinthana kunakanika. A Lezala anayesa kufunsira ntchito kwina m'boma, koma anawabweza kuti dzina limeneli lili kale pantchito, munthu mmodzi salandira kawiri. Anayesanso kachiwiri, zomwezo. Mapeto ake anagula sizasi ndi chipeso n'kukakhala pansi pa mtengo pafupi ndi msika.

"Ndinakhoza masamu kuposa kalasi yonse, atelala," anatero akuyang'ana zala zawo. "Ndipo ndathera m'makutu mwa anthu."

Mng'ono uja anthu anamupatsa dzina loti a Phula chifukwa cha fungo la ovolosi yake. Abale awiriwa sanamenyanepo, sanatukwanane, koma ankangoonana pamaliro ndi paukwati, moni wa nsonga za zala. A Phula akatumiza kanthu pakutha pa mwezi, a Lezala ankabweza osatsegula. Kenako a Phula anadwala chifuwa n'kumwalira. Abale anawaika ndi dzina lawo lobadwa nalo, ndipo chikalata cha imfa chinalembedwa momwemo. Choncho kuntchito munthu wa dzina lija sanafe, anangosiya kubwera. Mkazi wawo anapitako kamodzi kukafunsa, anamuuza kuti mapepala sakugwirizana, wina anatchulapo mawu oti chinyengo, ndipo mayiyo anathawa osabwererakonso. Tsopano ankachapira anthu zovala, akukhala ndi zidzukulu m'chipinda chimodzi cha nyumba imene mwamuna wake anaisiya yosafolera, pamwamba atayala pepala la pulasitiki.

"Ndiye mutani?" ndinafunsa.

"Tikafunse. Safunsa anadya phula."

"Nanga mukalandira, zikhala za yani?"

"Atelala, mumafunsa kwambiri inu."

Tamvani amene akunena! Koma funso langa linandikhala pamtima.

Nkhani inafala, ndipo shopu yawo inasanduka bwalo la milandu. Ena ankati ndalamazo n'zawo, ndi lendi ya dzina, nyumba yobwereka amalipira nanga dzina lilekerenji. Ena ankati thukuta ndi la amene anakhetsa. Ine mtima wanga unali kwa mayi wamasiye uja, sindibisa. Komabe ndinkaonanso zimene enawo sankaona. Ndinkaona a Lezala akubweretsa mutu wa kasitomala pafupi ndi zenera chifukwa maso ayamba chifunga. Ndinkaona dzanja lawo likunjenjemera m'mawa asanalitenthetse. Wometa alibe penshoni. Tsiku limene dzanja lakana, ndiye kuti kwatha. Ndikanakhala ine, sindikudziwa kuti ndikanatani.

Ulendo woyamba wa ku ofesi ndinawaperekeza. Ndinanamizira kuti ndikukagula mazipi, koma chilungamo chake nane chidwi chinandigwira. Ofesiyo inali kuseri kwa nyumba zikuluzikulu za boma, pamwamba pa masitepe ofooka pakati. M'khonde munali mabenchi odzaza anthu, aliyense atafumbata jumbo ya mapepala achikasu. Agogo wina ananyamula chithunzi cha ukwati chonse ndi felemu yake. Kumapeto kwa khondelo kunali chipinda chotsegula theka, ndipo mkati munali katundu wopanda mwini: njinga zomangidwa pamodzi, masutukesi achitsulo, wotchi yapakhoma, ndi makina osokera akale akuda, abwino kuposa anga, ali mbuu ndi fumbi. Mtima unandipweteka. A Lezala anali atamugwira kale mlonda. Zimenezi zinachokera kuti? Makoswe mumatani nawo? Alipo amene anabwerapo n'kulira ataona chake? Mlondayo anayankha mpaka anaiwala kuitana mzere.

Pawindo tinapeza kalaliki wachinyamata wa ulemu wake. Anapita mkati, anabwera ndi fayilo yofufuma ndi chinyezi. Chithunzi chinalimo, koma nkhope inali itafufutika, kutsala makutu ndi kolala ya malaya.

"Zikakhala chonchi, bambo, lamulo lathu ndi ili," anatero. "Ngati mwini wake ali moyo, abwere ndi anthu awiri amene anagwira naye ntchito, adzanene pamaso pa abwana kuti ndi yemweyu. Abwana amafunsanso pang'ono za ntchitoyo. Ngati anamwalira, abwere mkazi wake ndi chikalata cha imfa cha dzina lomweli. Inuyo ndinu eni ake?"

A Lezala anatsokomola. "Tibweranso," anatero.

Potsika masitepe ndinawauza kuti nsalu yobwereka sithetsa usiwa, bodza limeneli liwavula pagulu. Anati aphunzira. Ngati mng'ono wawo anatha kukhala iwo zaka zonse zija, iwo angalephere kukhala mng'ono wawo kwa m'mawa umodzi?

Apa ndi pamene anayamba kusowa pashopu. Anafunsa kwa oyendetsa malole, anafunsa kwa ogulitsa matayala, mpaka anapeza mkulu wina amene ankayendetsa chigalimoto chopsinja msewu pagulu la a Phula, wotchedwa a Chigudumu. Makasitomala ankabwera kudzagogoda kwa ine, ndipo ndinatopa n'kuwauza kuti ine ndimadula nsalu, osati tsitsi. Madzulo a Lezala ankabwera maso ali ngwee, nkhani zili mbwee.

"Atelala, mukudziwa kuti phula amaliphika? M'madiramu, kuyambira mbandakucha. Likapsa kwambiri limayaka, likachepa moto silimata. Ndipo wophika amaima kumene mphepo ikupita, chifukwa mbali inayo ndi imene amathirira. Likakugwera pakhungu sulichotsa msanga, limachoka ndi khungu lomwe."

"Nanga a Phula ankatani pamenepo?"

"Ndi amene ankaphika."

Loweruka lina ndinapita nawo, kuti ndikaone ndi maso anga mphunzitsi wa bodzayu. A Chigudumu tinawapeza pakhomo pawo akukhoma ndowa yobooka. Anali mkulu wojintcha, wogontha khutu limodzi, wolankhula ngati akadali pamwamba pa injini. Anandiuza kuti tsiku loyamba a Lezala atalowa pageti, nyundo inawagwa m'manja, chifukwa mayendedwe ndi omwewo a malemu a Phula.

"Koma ndinadziwa pompo kuti awa ndi eni dzina. Uja ankawanena kawirikawiri."

"Ankati chiyani?" anafunsa a Lezala. Ndinazindikira kuti pa maulendo onse aja anafunsa za madiramu, za matenti, za akapitawo, koma funso ili anali asanalifunse.

A Chigudumu anaika ndowa pansi. Anati pamsasa aliyense ankadziwa kuti dzinalo n'lobwereka, ndipo panalibe wodabwa, poti theka la gulu lawo linali chimodzimodzi. Chodabwitsa chinali mmene a Phula ankalisungira. Anzawo akamapopa dizilo usiku kukagulitsa, iwo ankakana. Simenti ikamasowa m'nyumba yosungira katundu, iwo kulibe. Pa tsiku la malipiro anzawo akamakamwa mpaka kugona m'ngalande, iwo ankamwa botolo limodzi n'kubwerera kutenti. Anzawo ankawaseka kuti abusa. Iwo ankangoti, mukagwidwa inu amanga inu, ndikagwidwa ine amanga dzina la achimwene.

"Kenako panabwera mwayi wa ukapitawo," anapitiriza a Chigudumu. "Akuluakulu azungulira mafayilo, apeza kuti wa satifiketi yabwino pagulu lonse ndi iyeyo. Amuitana. Ukapitawo, mayi, ndi chipewa ndi kabuku, utsi umauonera patali. Anakana. Amuitananso chaka china, wakananso. Ndinamukalipira ine, ndinati iwe ndiwe chitsiru, chifuwa chayamba kale kulira icho. Anandiyankha kuti, kulowa ndinalowera pa satifiketi ya eni, ndikwererenso pomwepo? Kumeneko n'kuba kawiri. Anakhala pa madiramu mpaka tsiku limene analephera kunyamula chovundulira."

Nkhuku inadutsa pakati pathu ikutolatola. A Lezala anali atagwira chipewa chawo ndi manja awiri, akuchizunguliza. Ine misozi inali pafupi, ndipo ndinakwiya nayo, chifukwa munthuyo sindinamuonepo n'kamodzi komwe.

"Za umboni musadandaule," anatero a Chigudumu. "Ndikanena kuti ndinu. Mnzanga wina amene ankaphika chakudya pamsasa wavomeranso. Ndine wa mpingo ine, koma bodza ili Mulungu alimvetsa. Bola zikafike kwa mayi aja."

A Lezala anathokoza, koma za mayi aja sanayankhepo.

Masiku otsatira ndinasanduka woyesa mayeso. Ndikusoka, ndinkaponya mafunso kudzera pachipupa. Kapitawo wanu woyamba anali ndani? Phula likagwira moto mumazimitsa ndi chiyani? Chipsera cha pamkono munachipeza pa msewu uti? Ankayankha mosajejema, ngati munthu amene anakhaladi mu utsimo. Ndinawasokera malaya a manja aatali kuti abise mikono yawo yosalala. Koma ndikafunsa ngati apita kukawauza alamu awo, ankayatsa makina ometera ngakhale pampando palibe munthu. Chaka chinali chikupita kumapeto, ndipo mitambo inali itayamba kusonkhana masana.

Tsiku la umboni tinapita anayi: a Lezala, a Chigudumu atavala jekete yothina, wophika chakudya uja, munthu wosalankhulalankhula, ndi ine wonyamula zikwama. Abwana a ofesiyo anali mayi wa magalasi, wa imvi za m'mbali, wooneka kuti wamva nkhani zambiri ndipo sathamangira kukhulupirira kapena kukana. Anatikhazika pamipando, anatsegula fayilo, n'kuyang'ana a Lezala.

"Bambo, tisanafike kwa mboni. Munkagwira ntchito yanji kumsewuko?"

"Yophika phula."

"Apa palembedwa kuti munavulalapo. Chinachitika n'chiyani?"

Yankho ankalidziwa. Ndinawafunsa funso lomwelo dzulo lake, ndipo anafotokoza bwinobwino za diramu imene inapendekeka pa mlatho. Anatsegula pakamwa. Anayang'ana mkono wawo wa malaya atsopano aja. Anatsekanso pakamwa.

"Bambo?"

"Sindinavulale ine, mayi. Anavulala ndi mng'ono wanga. Ntchitoyi anagwira ndi iyeyo, kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza. Langa ndi dzina lokha. Iye anamwalira."

A Chigudumu, amene khutu lawo labwino linali mbali inayo, anaimirira n'kunena mokweza kuti, "Ndi yemweyu, bwana, ndinagwira naye ntchito!" Wophika uja anawakoka jekete kuti akhale pansi.

Mayi wa magalasi anavula magalasiwo n'kupukuta maso. Sanakalipe.

"Si inu oyamba, ndipo simukhala omaliza," anatero. "Mafayilo a gulu limeneli ambiri ndi otere. Mukanapitiriza bodzalo mwina mukanadutsa, mwina ayi. Njira ya chilungamo ilipo, koma ndi yaitali, ndipo nthawi yatsala pang'ono. Mupite kwa woweruza, inu ndi mboni zanuzi, mukalumbire kuti womwalirayo ndi amene ankagwira ntchito ndi dzina ili. Kenako abwere mkazi wake, adzanene yekha pamaso panga. Zikatheka chaka chisanathe, ndalama zipita kwa iyeyo, zonse. Inu simulandira kalikonse, ndipo fayiloyi tiitseka ngati ya womwalira. Zikachedwa, zapita ku boma, ndipo ine sindidzatha kuzibweza. Mwamva?"

"Ndamva, mayi."

Titangotsika masitepe ndinawatsegukira. Ndinati mwaika pachiswe denga la mayi uja chifukwa cha manyazi anu. Zinali m'manja izi, kunangotsala kusaina! A Chigudumu nawo ankadandaula kuti anagona osagona akukonzekera kunama, ndipo awachititsa manyazi pamaso pa bwana.

A Lezala anapinda dzanja la malaya mpaka m'chigongono n'kundionetsa mkono.

"Taonani, atelala. Mulibe kanthu apa. Iye ananditengera dzina, inde, ndipo ndamusungira mkwiyo moyo wanga wonse. Ndiye ine ndimutengere zipsera?" Anatsitsa malaya aja. "Komanso ndikuuzeni. Ndikanasaina, ndalamazo zikanalowa m'thumba mwanga. Sindikudziwa ngati zikanatulukamo zonse. Ndimadzidziwa."



Masabata otsatira shopu yawo inakhala yotseka kuposa yotsegula. Kwa woweruza anawabweza chifukwa wophika uja anaiwala chiphaso. Atabwerera anapeza woweruza wapita kumaliro. Makasitomala ena anasamukira kwa anyamata a kumsika, ndipo ena sanabwererenso. Koma chovuta kwambiri chinali kwa alamu awo. Ulendo woyamba mayiyo atangomva mawu oti ofesi analowa m'nyumba n'kutseka chitseko, poganiza kuti abwera kudzamumangitsa. Ndinachita kupita ine, mkazi mnzake, kukakhala naye pa mwala wochapira, ndikumuthandiza kufinya mabulangete a eni, mpaka anamvetsa. Anali mayi wamng'ono thupi, manja oyera ndi sopo, wolankhula motsitsa. Anandiuza kuti chiyambire ukwati wake sanatchulepo dzina lakuntchito la mwamuna wake pamaso pa alamu ake. M'nyumba mwawo dzinalo linkangokhala pa envelopu ya malipiro, ndipo mwamuna wake ankaitembenuza chafufumimba akaiika patebulo.

Mvula yoyamba inagwa tisanamalize. Tsiku limene pepala la woweruza linatuluka, tinapita molunjika ku ofesi ija, nsapato zili matope okhaokha. Khonde linali lodzaza kuposa kale, poti aliyense anali atakumbukira mochedwa. Mayi wamasiye anavala diresi yake yabwino, imene ndinaibweza m'chiuno chifukwa inali itamukulira. Anakhala pamphepete penipeni pa mpando, a Lezala mbali iyi, ine mbali inayo.

Mayi wa magalasi anawerenga pepala la woweruza mpaka pansi, n'kuyang'ana mayiyo mokoma mtima.

"Musaope, mayi, pano palibe womanga munthu. Ndikufunsani funso limodzi lokha, ndipo muyankhe ndi pakamwa panu. Amuna anu ankagwira ntchito ndi dzina liti?"

Mayiyo anaweramitsa mutu. Zala zake zinkapotokola ngodya ya mpango. Anayang'ana a Lezala chamchibisira, n'kuyang'ananso pansi. Kunja munthu wina ankakangana ndi mlonda. Abwana anadikira, cholembera chili m'manja, ndipo ine ndinkangopemphera chamumtima kuti mayiyu asadzuke n'kuthawanso.

A Lezala anaweramira kwa iye.

"Nenani, alamu," anatero motsitsa. "Analigwirira ntchito. Ndi lawo."

Analitchula, koyamba monong'ona, kenako abwana atapempha, momveka bwino, dzina loyamba ndi la bambo. Abwana analemba, anapumira pa chidindo, n'kudinda. Anati ndalama zifika kwa mayiyo mwezi usanathe.

Ine ndinkayang'ana a Lezala. Munthu dzina lake likatchulidwa amadzidzimuka ndithu, ngakhale pang'ono, ngakhale ali pakati pa tulo. Iwo sanagwedezeke. Anangokhala, chipewa chili pamaondo, misozi ikutsikira m'ndevu, akumvetsera dzina la mng'ono wawo.